Mutu 6: Pikapu ya Malemu Ikana Kulira

1. Fungo la m'shedi

Fungo lake linali loti ngakhale agalu a pamudzi ankalambalala. Linayamba pang'onopang'ono sabata ya sadaka, anthu n'kumati mwina anyamata anataya matumbo a mbuzi kuseri kwa shedi. Koma Loweruka m'mawa, patangopita masiku awiri chichitireni arubaini ya bambo ake, sadaka ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, Zulfa atatsegula chitseko cha malata cha shediyo, fungolo linamumenya kumaso mpaka anabwerera chafutambuyo.

"Asa! Mwafa chiyani muno?" Analavulira pambali n'kukokera mpango wake pamphuno.

M'katimo munali pikapu yoyera ya bambo ake, malemu Che Hassani. Galimotoyo inali yakale kuposa Zulfa mwini wake, amene anali mu Fomu 3. Chitseko cha kumanzere ankachimanga ndi chingwe, ndipo kumbuyo kwake kunali zigamba zokhazokha za owotcherera a pa Songani. Komabe ndi yomweyo imene inkanyamula mpunga wa anthu kuchokera ku sikimu ya Domasi kupita kumsika. Ndi yomweyo imene inkadyetsa banja lonse ndi kumusunga Zulfa pasukulu.

Che Hassani anaiimika okha m'shedimo m'mawa wa tsiku limene ankapita kukagonekedwa kuchipatala ku Zomba, ndipo sanabwereko ndi moyo. Akuluakulu anati katundu wa malemu asagwidwe mpaka masiku makumi anayi atakwana. Ndiye pikapuyo inangokhala, matumba a mpunga wa sadaka ataunjikidwa pambali pake.

Tsopano masikuwo anali atakwana, ndipo Che Isaki, mng'ono wawo wa malemuwo, sanafune kutaya ngakhale tsiku limodzi. Abale inu, anthu ena manyazi anawasiya kuti? Mapoto a sadaka anali asanabwezedwe n'komwe kwa eni ake, iwo anali atathamangira kale ku Songani kukatenga Kingsley, makaniko amene amagulanso magalimoto akufa n'kumawaphwasula.

Amayi ake a Zulfa, a Bushra, sakanatha kutuluka kudzalankhula. Anali pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amabindikira m'nyumba, osakhala pagulu la amuna. Mlongo wawo, amene akanawalankhulira, anali ku Joni. Zonsezi Che Isaki ankazidziwa bwinobwino.

Anaimirira pakati pa bwalo n'kukweza mawu kuti amveke mpaka pawindo la kuchipinda.

"Alamu, mundimvetse, ine sindikulanda kanthu. Mboni ndi awa a Jonasi, aneba anu, ndi achemwali anga a Sakina. Galimotoyi ikalira lero, ikhala pano, muzidyera ndi ana. Koma ikakana mpaka kumzikiti ataitana azana ya mapemphero a masana, ndiye kuti yafa. Kingsley aikoka akaiphwasule, ife abale tione chochita ndi zotsalazo."

Kulimba mtima konseko kunali ndi pake. Dzulo lake Zulfa anawaona akuzembera m'shedimo ndi kiyi, ndipo anamva galimotoyo ikuwakanira.

2. "Pampu yafa"

Amuna anaikankha pikapu ija kuitulutsa pabwalo, fungo lija n'kutuluka nayo limodzi. Ntchentche zobiriwira zinkaitsatira pambuyo.

"Mwaonatu," anatero a Sakina atatseka mphuno ndi chitenje. "Yayamba kuwola imeneyi. Yatsatira mwini wake."

Kingsley anabwera atavala nsapato zoyera mbee ndi magalasi akuda, m'manja muli masipanala awiri basi. Anamangirira batire yake imene anabwera nayo, n'kuwauza Che Isaki kuti atembenuze kiyi.

Khwe-khwe-khwe-khwe! Injini inazungulira mwamphamvu ndithu, koma osagwira moto. Anayesanso kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi.

Kingsley anawerama pa boneti nkhope atayang'ana kumbali, mpweya ataugwira. Anamasula nati ya kapaipi kamodzi mwa timapaipi tinayi totenga dizilo kuchokera ku pampu kupita mu injini. Che Isaki anatembenuzanso kiyi. Kapaipi kaja kanali gwaa, osadontha ngakhale dontho limodzi.

"Basi, nkhani yatha," anatero Kingsley akudzipukuta zala ndi kansalu. "M'thanki dizilo alimo, koma kuno sakufika. Pampu yafa. Ndipo pampu ya mtundu uwu simungaipeze ku Zomba, ngakhale ku Limbe. Izi ndi zitsulo chabe tsopano."

A Jonasi anakhosomola. Anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo wa Pulezibeteriya, amene anayendetsa malole zaka makumi atatu asanapume. Mpanda wawo ndi wa Che Hassani unali umodzi, ndipo pamaliro paja ndi iwo anabwereketsa mipando ya kutchalitchi.

"Mwatha kale kuyeza, achimwene? Koma ndiye liwiro lake!"

"Madala, ine ntchitoyi ndinachita kuiphunzira, sindinachite kulota ayi."

Atatero Kingsley anayamba kuizungulira galimotoyo, uku akutsina matayala, uku akugogoda zitseko, ngati mmene opha mbuzi pa Songani amagwirira nthiti za mbuzi isanaphedwe. Anatulutsa foni n'kumauza munthu wina kuti abwere ndi lole ndi tcheni, ndiponso kuti giyabokosi yapezeka. Zonsezi ankalankhula mokweza, pawindo la mkazi wamasiye pomwepo. Zulfa zinamunyansa kuposa fungo lija.

3. Chenjezo la azakhali

Zulfa anazungulira kupita pawindo paja. Katani inagwedezeka pang'ono.

"Amayi, pampu ija sinafe," ananong'ona. "Pansi pa mpando wa dalaivala pali kasiwichi kamene bambo anaikapo okha. Kakathimitsidwa, pampu imatseka dizilo. Amene aja sakukadziwa."

Zulfa ankakadziwa chifukwa kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ndiye ankawapatsira bambo ake masipanala Lamlungu lililonse. Tsiku limene anamuonetsa kasiwichiko anamuuza kuti, "Aka ndi ka akuba. Usamuuze munthu aliyense, ngakhale wachibale." Iye anaseka n'kufunsa kuti akuba a galimoto achokera kuti kumudzi ngati kuno. Bambo ake anangoti, "Udzawaona."

"Ine pakamwa panga m'pomangidwa, mwanangu," anayankha a Bushra kuseri kwa katani. "Ngati ukudziwa, pita."

Zulfa sanapite patali. A Sakina anamugwira padzanja pakhonde pomwepo n'kumukhazika pamphasa.

"Iwe Zulfa, tandimvera. Ine ndine azakhali ako, ndinakusambitsa uli khanda. Mtsikana wotha msinkhu sapita kukadzipanikiza pakati pa amuna, n'kumawerama pa boneti maso onse ali pa iye. Dothi la pamanda a bambo ako silinakhazikike n'komwe. Mawa m'Malemia monse muno adzati mwana wa Che Hassani analimbana ndi bambo ake aang'ono pabwalo chifukwa cha zitsulo. Ndani adzabwere kudzafunsira mtsikana wonunkha dizilo? Ndipo ukakalephera, manyazi ake sakhala ako wekha, akhala a amayi ako ali m'nyumbawa. Sindikunena kuti achimwene angawa akuchita bwino, Mulungu akundimva. Koma mwana wamkazi amadziwa malo ake. Khala apa, tenga lichero, upete mpunga. Za amuna uwasiyire amuna."

Zulfa anamvetsera mpaka anamaliza, maso ali pansi monga anaphunzitsidwira.

"Ndamva, azakhali. Koma mpunga mukuti ndipetewo unabwera pa galimoto yomweyo. Ikachoka pano, mwezi wamawa ndidzapeta chiyani?"

A Sakina anayang'ana kumbali. Dzanja lija analisiya.

Zulfa analowa m'shedi, anatenga jekete ya bambo ake yogwirira ntchito imene inali pamsomali, n'kuivala pamwamba pa diresi. Kenako anakagwada pafupi ndi Che Isaki.

"Bambo aang'ono, ndimapempha ndiyeseko nanenso."

Kingsley anaphulika chiseko. Che Isaki anayang'ana dzuwa, n'kuona kuti latsala pang'ono kufika paliwombo.

"Yesa, mwanangu, yesa. Anthu asadzati ndinakukaniza."

Zulfa anakwera kutsogolo. Anachita ngati akukokera mpando kutsogolo popeza anali wamfupi, ndipo zala zake zinakapeza kasiwichi kaja kuseri kwa chitsulo. Anakadina. Atatembenuza kiyi pang'ono, ku injini kunamveka kaphokoso kakuti thi, kusonyeza kuti pampu yatsegula njira.

Anatsika, n'kuyamba kupopa kabatani ka pamwamba pa fyuluta ya dizilo mpaka kanalimba. Ha, koma kununkha kwake pamenepo! Maso ake ankalengeza misozi. Anawapempha a Jonasi kuti akhale pa kiyi. Injini itazungulira, kapaipi kaja Kingsley anasiya osamanga kanayamba kutulutsa thovu, kenako dizilo anathovoka mpaka kudonthera pa nsapato zoyera zija.

"Achimwene," anafunsa a Jonasi atatulutsa mutu pawindo, "pampu yakufa imalavula chonchi kwanu ku Songani?"

Kingsley anawerama n'kumapukuta nsapato. Zulfa anamanga nati ija, mtima uli m'malo.

"Agogo, tsopano iyeseni."

Khwe-khwe-khwe-khwe! Injini inatsokomola kamodzi, n'kubwerera mwakale. Anayesanso. Khwe-khwe-khwe. Kulira ayi ndithu.

Che Isaki anaseka mpaka kudzimenya pantchafu.

"Makaniko wathu wathera pomwepa! Pita ukasambe, mwanangu, wayesetsa."

"Ndipo batire yangayo mukuimaliza," anawonjezera Kingsley. "Yatsala ya maulendo awiri kapena atatu basi."

4. Zinthu zitatu

Zulfa anangoima, sipanala ili m'manja, nkhope ikutentha. Ankaona ngati kasiwichi kaja ndiye nkhani yonse. Kukhonde a Sakina anali ataphimba kumaso.

A Jonasi anatsika pang'onopang'ono, akugwira bondo lawo limene linkawavuta, n'kudzaima pambali pake.

"Mwanawe, wathamanga ngati mnzakoyu. Wapeza chinthu chimodzi basi wati ndamaliza. Tamvera, ndikuuze zimene tinkakambirana ndi bambo ako pa mpanda apa. Injini ya dizilo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: chakudya, kutentha ndi mpweya. Ukamafufuza umayamba ndi chimodzi, kuchitsimikiza ndi maso ako, n'kupita pa chinzake. Osalumpha chifukwa choti watopa, osalumpha chifukwa choti anthu akuseka, ndipo osalumpha chifukwa choti pamalopo m'ponyansa. Amakaniko ambiri amapha magalimoto amoyo chifukwa choopa kuda m'manja. Ine ndinagonapo masiku awiri pa msewu wa ku Mangochi ndi lole yodzaza chimanga, ndikutukwana pampu, pamene vuto linali kathumba ka pulasitiki kamene kanatseka paipi. Chinthu choti mwana akanachotsa ndi zala ziwiri! Ndiye werenga bwino. Chakudya chikufika?"

"Chikufika, agogo. Tonse tachiona."

"Kutentha?"

Zulfa anasuzumira kutsogolo n'kutembenuza kiyi pang'ono. Kanyali ka mahita, timisomali totenthetsa injini isanalire, kanayaka n'kuthima bwinobwino.

"Mahita akugwira. Komanso ndi dzuwa la Okutobala ili, ikanalira ngakhale popanda iwo."

"Chatsala n'chiyani?"

"Mpweya."

Zulfa anatembenuka n'kuyang'ana chibokosi chakuda chozungulira cha kumbali kwa injini, mmene mumakhala fyuluta ya mpweya. Ntchentche zonse zija zinali zitaunjikana pamenepo, zina zikulowa ndi kutuluka pakamwa pa paipi yokokera mpweya. Aliyense anali ataziona kuyambira m'mawa. Kungoti panalibe ankafuna kuyandikirapo.

Anaika chikhatho pakamwa pa paipiyo n'kuwapempha a Jonasi kuti agunde kiyi kamodzi kokha, mwachidule. Injini yabwino imakoka chikhatho mpaka kumamatira. Iyi sinakoke n'komwe.

"Siikupuma, agogo."

Nthawi yomweyo kumsewu kunamveka lole ikubwera, tcheni chikulira kumbuyo kwake. Inadzaima pa mpanda.

"Kingsley," anatero a Jonasi, "inu ndinu mwaphunzira ntchito. Tatsegulani bokosilo."

"Ine? Aaa, madala, sindinaphunzire umakaniko kuti ndizifukula zowola. Amene akufuna atsegule yekha."

Che Isaki anatsonya.

"Zulfa, usandichititse manyazi pamaso pa alendo. Wamva fungolo? Ukagwira zimenezo utenga matenda, ndiye tidzavutike nawe ife tomwe. Azana yatsala pang'ono. Zisiye."

Zulfa anayang'ana bokosi lija, anayang'ana lole, kenako windo la amayi ake. Anapinda manja a jekete.

5. Zimene zinali m'bokosi

Zulfa anamasula timahuku titatu n'kukweza chivundikiro.

Abale, zinthu zina n'zosayenera kuziona munthu usanadye ngakhale utadya. Woyendetsa lole uja, amene anali atangofika kumene, anathawira kuseri kwa mpanda. Kingsley anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda ndowa. A Sakina anakuwa kuti, "Mayo ine!" n'kuthawira kukhitchini.

M'bokosimo munali makoswe. Anali atamanga chisa cha mankhusu a mpunga ndi tizidutswa ta matumba mozungulira fyuluta yonse. Sabata ya sadaka ija amayi ophika anathira mankhwala a makoswe mozungulira matumba a mpunga, ndiye makoswewo atadya anathawira kuchisa kwawo n'kukafera komweko. Anali atafufuma, ubweya ukusosoka, mphutsi zili nyakanyaka.

Zulfa anathamangira pa nthochi n'kusanza tiyi yense wa m'mawa. Anatsuka m'kamwa ndi madzi a m'ndowa. Che Isaki anayamba kumwetulira, poganiza kuti zatha.

Koma Zulfa anabwerera. Anavala jumbo kudzanja n'kulowetsa m'bokosi muja. Khoswe woyamba anatuluka wathunthu. Wachiwiri anaduka pakati, jumbo ija n'kubooka, madzi ofunda n'kumuyenderera pakati pa zala mpaka m'chigongono. Zulfa anakukuta mano, anataya jumboyo n'kupitiriza ndi dzanja lokha. Anatulutsa makoswe asanu, n'kumaponya m'chidebe chakale cha penti chimene a Jonasi anamugwirira ataponya nkhope kumbali.

Fyuluta inali itanyowa ndi zonyansazo, yosachapika. Anaizula n'kuiponyanso m'chidebemo. Anakokolola mankhusu onse, napukuta m'bokosimo ndi sanza yonyika m'dizilo.

"Yang'ananso m'paipi yolowera mpweya," anatero a Jonasi. "Usasiye kanthu."

Zulfa analowetsa mkono mpaka m'phewa. Zala zake zinakhudza chinthu cholimba, chothinana, chimene chinatseka paipi yonse. Anachikoka, chinakana. Anaponda bampala n'kukokanso ndi mphamvu zake zonse mpaka chinatuluka.

Chinali nsalu yabuluu yokulungidwa bwino, yomangidwa pakati ndi kachingwe kamene makoswe anali atakadula. Ataitambasula, Zulfa anangoti kakasi. Unali mkono wa ovololo yakale ya bambo ake. Pachigongono panali chigamba chofiira chimene iye mwini anasoka ali Sitandade 7, ulusi wake wokhotakhota.

A Jonasi anavula chipewa.

"Ndiye Che Hassani ameneyo. Akamaimika galimoto masiku angapo ankatseka pakamwa pa paipi ndi nsalu kuti makoswe ndi mavu asalowe, n'kusiya kachingwe panja kokokera. Tsiku lija ankalephera ndi kuyenda komwe, koma anakumbukira kuitseka. Ankati akabwerako adzachotsa okha. Makoswe analowera pena n'kudula chingwe, ndipo amene akhala akugunda kiyi osayang'ana ndi amene aikokera nsaluyi m'kati."

Pamenepo anawayang'ana Che Isaki. Che Isaki anayang'ana foni yawo.

Zulfa anapinda nsalu ija, yonunkha choncho, n'kuiika m'thumba la jekete. Misozi inkatsika koma analibe dzanja loyera loipukutira.

"Popanda fyuluta usailize nthawi yaitali, fumbi lingalowe," anatero a Jonasi. "Koma kungoti anthu amve, palibe vuto. Kwera wekha."

Kumzikiti sipika inayamba kukhosomola, muazini akuikonza. Zulfa anakhala pa mpando wa bambo ake, anadikira kanyali ka mahita kathime, n'kunena chapansipansi, "Bisimila."

Khwe... khwe... Batire inali itafooka. Khwe... khwe-khwe... Injini inatsokomola, inagwedezeka, inatsokomolanso, kenako inabangula. Utsi wakuda unadzaza bwalo lonse, nkhuku n'kubalalika. Pikapu ya Che Hassani inalira ndi mawu ake omwe aja amene mudzi wonse unkawadziwa m'mawa uliwonse, ndipo azana inayamba injiniyo ikulira kale.

M'nyumba muja munamveka kulira kwa a Bushra. Sanalire choncho kuyambira tsiku la maliro.

6. Kiyi

Zulfa anathimitsa injini kuti azana imveke. Itatha, a Jonasi anavala chipewa chawo.

"Che Isaki, tonse tamva. Yalira nthawi isanakwane. Auzeni a lole abwerere."

"Abwerere, inde," anayankha Che Isaki. Anali atasiya kuseka. Ankaiyang'ana pikapuyo ndi maso ena tsopano, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Kingsley, pepa, zophwasula zija zalephereka. Galimotoyi ndi yamoyo."

"Ndiye ine ndabwereranji ndi lole?" anafunsa Kingsley.

"Tikambirana." Che Isaki anayandikira chitseko cha dalaivala n'kutambasula dzanja. "Zulfa, bweretsa kiyi. Wagwira ntchito, mwanangu, Mulungu akudalitse. Koma galimoto yamoyo siingakhale pakhomo pa akazi okhaokha. Ndani aziyendetsa? Akuba angaibe. Ndipita nayo kwathu ku Liwonde ndikaisunge bwino, mpaka alamu atatuluka pa eda. Zikatero tidzaona."

Zonyansa zimene zinali m'chidebe cha penti zija zinali bwino poyerekeza ndi mawu amenewa. Zija n'zoti ukakwirira zatha.

"Munanena pamaso panga!" anakalipa a Jonasi. "Munanditchula mboni inu nomwe!"

"Madala, ndimakulemekezani, koma izi ndi za pabanja pathu. Inu ndinu aneba chabe."

A Sakina anatuluka m'khitchini.

"Achimwene, opani Mulungu. Mwanayu wagwira zowola ndi manja ake inu mukuonerera."

"Iwe khala chete! Zulfa, kiyi."

Zulfa anazula kiyi n'kuipereka ndi manja awiri, monga mwana woleredwa bwino. Che Isaki anailandira ndi nsonga za zala, mphuno atakwinya. Kenako mtsikanayo anawerama kuti abwezere mpando m'mbuyo, popeza bambo ake aang'onowo anali aatali. Dzanja lake linakhalitsako pang'ono pansi pa mpandopo. Anatsika n'kupita pa ndowa, anatenga sopo n'kuyamba kusamba m'manja.

Che Isaki anakwera, anakhala bwinobwino, n'kukonza galasi loonera kumbuyo. Za fyuluta sanafunse n'komwe. Anatembenuza kiyi.

Khwe-khwe-khwe-khwe.

Anayesanso, akupondaponda mafuta. Khwe-khwe-khwe. Anamenya chiwongolero ndi chibakera. Anayesa kachitatu. Khwe... khwe... Batire ya Kingsley inathera pomwepo.

"Zulfa!"

Iye anapitiriza kupaka sopo. Anali atasamba kawiri kale koma fungo linali likadali m'zikhadabo.

"Zulfa, ndikuitana iwe! Waichita chiyani galimotoyi?"

Zulfa anatsira madzi m'manja, anabwera n'kugwada patali pang'ono ndi chitseko, pamalo poti mawu ake amveke mpaka pawindo la amayi ake.

"Bambo aang'ono, munanena nokha pamaso pa anthu kuti ikalira ikhala pano. Yalira. Ndiye yakhala."

A Sakina anabisa pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Che Isaki anatsika n'kumenyetsa chitseko mpaka chingwe cha chitseko chinacho chinamasuka, nauyamba wa kumzikiti osayang'ana munthu, kiyi ili m'thumba mwawo.

Zulfa anadzuka kuti akakwirire chidebe chija kudzala. Atatembenuka, anapeza Kingsley sanapite. Anali atanyonyomala pa chitseko cha dalaivala, magalasi akuda aja ali m'manja, mutu ataupendeketsa, akusuzumira pansi pa mpando. Kenako anadzutsa maso n'kumuyang'ana Zulfa, osasekanso.

Zulfa anagwira thumba la jekete mmene munali nsalu ya bambo ake, n'kumuyang'ananso osaphethira.